ZA KUGULA KAMERA YOYAMBA NDI ZIPANGIZO ZACHE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Naisi, m'boma la Zomba. Taisindikiza muno kuti amene sanaimve aiwerenge.

Lero sindikamba za akalozera kapena za manyowa monga ndichitira masiku onse. Ndikamba za kamera, makina aja ojambulira zithunzi. Ndidziwa kuti ena muti, Kodi mlangizi wathu wasokonezeka? Kamera ndi khasu zigwirizana pati? Taimani pang'ono, ndiyambe ndakuuzani chimene chinandionekera.

Mwezi wa Januwale chaka chatha, mlembi wa kalabu ina ya alimi kuno ku chigwa cha Domasi ananditumizira zithunzi 7 pa foni, nalemba kuti, "Alangizi, taonani chimene chikudya chimanga chathu, tithire mankhwala anji?" Bamboyu mwana wache agwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anamtumizira kamera yaikulu yakuda, yokhala ndi diso lalitali ngati kamunsi. Ndinatsegula zithunzi zija chimodzi-chimodzi, koma zonse zinali mbuu, ngati nkhungu ya pa phiri la Zomba mwezi wa Juni. Ndinaona kuti ndi chimanga ndithu, ndinaonanso kuti pali kanthu kakuda pa tsamba, koma kuti kanthuko n'chiani sindinathe kudziwa. Ine ndinali kutali ku maphunziro, ndipo ndinafika ku mundako patapita masiku 9. Ndinapeza mbozi zitakula kale, zitalowa m'kati mwa nsonga muja mutulukira masamba atsopano, mmene mankhwala safika bwino. Anthu aja anathira mankhwala kawiri, nataya ndalama, ndipo chimanga chinaonongekabe.

Kamera ija inalibe chilema chiri chonse. Cholakwika chinali diso limene anaikapo, ndi kuti panalibe munthu womuuza bamboyu kagwiritsidwe kache. Tsono popeza makalabu ambiri tsopano akugula kamera kapena kulandira kwa abale a kunja, ndipo mafoni ojambula afika m'midzi yonse, ndati tikambirane zimene munthu ayenera kudziwa asanatulutse ndalama.

Achikulire mukumbukira masiku a filimu, pamene munthu ankavala jekete kupita kukajambulitsa m'tauni ya Zomba, nadikira sabata yathunthu kuti chithunzi chitsukidwe. Kamera yoyamba yosafuna filimu inapangidwa m'chaka cha 1975 ndi Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America. Inkalemera makilogalamu 3.6, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chilembeke pa tepi ya kaseti. Lero chithunzi chioneka pomwepo, ndipo kujambula kachiwiri kapena kakhumi sikulipira kanthu. Kwa ife a zaulimi phindu lache ndi ili: mlangizi mmodzi ayang'anira midzi yambiri zedi, sangafike m'munda uli wonse tsiku limene vuto laoneka, koma chithunzi chabwino chingamfike pa ola lomwelo.

CHITHUNZI CHABWINO N'CHOTANI?

Musanafunse kuti tigule chiani, yambani mwafunsa kuti tifuna kujambula chiani. Ndipereka chitsanzo cha mbozi yachilendo ija imene Azungu aitcha fall armyworm. Kwao kwache ndi ku America. Inaoneka koyamba mu Africa kuchiyambi kwa chaka cha 2016 ku maiko a kuzambwe, nifika kuno ku Malawi m'nyengo ya ulimi ya 2016 ndi 2017. Mu Disembala 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mboziyi. Kuyambira pamenepo sinachokenso, tikhala nayo chaka ndi chaka.

Mbozi imeneyi iri ndi zizindikiro ziwiri. Pamutu pache pali mzere woyera wa mphanda, wonga legeni yozondoka. Chakumchira, pa chigawo chachiwiri kuchokera kumapeto, pali madontho anai akuda okhala monga mabowo anai a batani la malaya. Ntchemberezandonda zathu zakale nazonso ziri ndi mphanda pamutu, koma madontho anai aja a batani zilibe, ndipo zimayenda chigulu pamtunda. Kapuchi ndiye amaboola phesi nakhala m'kati. Tizilombo titatu timeneti kalimbanidwe kache sikafanana konse. Chifukwa chache chithunzi chimene sichionetsa mutu ndi mchira wa mbozi sichindithandiza ine, ndiponso sichikuthandizani inu.

Tsono onani kuchepa kwa zinthu zimene tifuna kuona. Mbozi yokhwima italika masentimita 3 kapena 4. Yongoswedwa kumene siposa mamilimita awiri. Mazira ache gulugufe amaikira pa tsamba mulu umodzi 100 kufikira 200, nawafunditsa tiubweya totuwa, ndipo dzira limodzi silikwana ngakhale theka la milimita. Nyengo yotentha amaswa patapita masiku awiri kapena atatu okha. Nthawi yabwino yolimbana nazo ndi pamene ziri zazing'ono, zikungopala tsamba n'kusiya timawindo toonekera. Ndiye kuti kamera ya mlimi ntchito yache yoyamba ndi kuona zazing'ono ziri pafupi. Zakutali zibwera pambuyo.

ZA DISO LA KAMERA

Diso la kamera alitcha lenzi. Pa kamera zazikulu lenzi imachotsedwa ndi kuikapo ina, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Pa lenzi iri yonse palembedwa manambala a mamilimita. Nambala yaing'ono itanthauza kuti lenziyo iona malo otambalala, munda wonse ndi phiri lomwe. Nambala yaikulu itanthauza kuti ikoka chinthu chakutali, koma iona kachigawo kochepa.

Kamera zambiri za oyamba, za Canon kapena Nikon, zigulitsidwa pamodzi ndi lenzi yolembedwa 18-55mm. Anyamata a m'tauni amainyoza lenzi imeneyi, amati ndi ya ophunzira. Ine ndikuuzani kuti pa ntchito yathu ndi yokwanira, ndipo musagule ina kufikira mutagwira nayo ntchito chaka chathunthu. Mukaipotoza kufika pa 18, ijambula munda wonse. Mukaipotoza kufika pa 55 ndi kuyandikira, ijambula kachigawo ka tsamba ka masentimita 6 kapena 7 m'mimba mwache, kotero kuti mbozi yokhwima idzaza pafupi theka la chithunzi, madontho anai aja n'kumawerengeka bwino lomwe.

Koma pali nambala ina imene anthu saiwerenga, ndipo ndi imene inamgwetsa mlembi wa kalabu uja. Lenzi iri yonse iri ndi malire a kuyandikira. Mukapyola malirewo siithanso kuona bwino, monga nkhalamba imene isendeza kalata kutali kuti iwerenge. Pa lenzi ya 18-55 palembedwa 0.25m kapena 0.28m, ndiye kuti masentimita 25 kapena 28, chikhatho chimodzi chotambasula ndi pang'ono. Muyeso umenewu sayambira kutsogolo kwa galasi iai, ayambira pa kachizindikiro kozungulira kodulidwa ndi mzere kamene kali pamwamba pa kamera. Lenzi ya bambo uja inali ya 75-300mm, ndipo malire ache ndi mita imodzi ndi theka. Iye anaiyandikiza pa tsamba ngati munthu wonunkhiza fodya. Akanabwerera m'mbuyo mapazi asanu akanapeza kanthu, ngakhale m'chimanga chofika m'chiuno malo obwererawo amasowa, masamba ena amatchinga.

Lenzi zazitali ziri ndi vuto linanso. Monga zikulitsa chinthu, zikulitsanso kunjenjemera kwa dzanja. Pa 300 munthu afunika kuwala kwambiri ndi dzanja lokhazikika, apo ayi chithunzi chituluka ngati chajambulidwa pa kabaza. Kodi zilibe ntchito? Ziri nayo, kwa iwo ojambula mpira kapena mbalame, kapena dzombe likatera m'madambo a nyanja ya Chilwa. Wina anandiuza kuti afuna yojambulira anyani amene atsika m'phiri kudzathyola chimanga. Ndinamyankha kuti anyani tiwadziwa kale nkhope zao, ndipo chithunzi cha nyani sichibweza chimanga. Lenzi yotere yatsopano idya ndalama zokwanira feteleza wa ekala yathunthu ndi kutsalako.

Ilipo lenzi ina yopangidwira zinthu zazing'ono, dzina lache macro. Imeneyi ndi yabwino koposa, ioneketsa ngakhale nsabwe za pa mtedza ndi kodikodi wa pa chinangwa ngati mbuzi. Koma ndi yodula, nthawi zina kuposa kamera imene. Iyenera anthu a kafukufuku monga a ku Makoka. Kalabu ya m'mudzi ingachite bwino kugula kagalasi kokulitsa komangira kutsogolo kwa lenzi imene muli nayo kale, kamene m'sitolo amakatcha close-up filter. Kalembedwa +2 kapena +4. Ka +4 kakamangidwa pa lenzi ya 18-55 kalola kuti muyandikire koposa, ndipo kachigawo kojambulidwa kachepa kufika pafupi masentimita 4. M'mbali mwa chithunzi simuoneka bwino kwenikweni, koma pakati mpabwino, ndipo mulu wa mazira aja uoneka. Chenjerani ndi kukula kwa mazinga ache: yang'anani kuseri kwa chivindikiro cha lenzi yanu, mupeza nambala monga 52, 55 kapena 58. Gulani kagalasi ka nambala yomweyo, kena sikamangika.

Mau amodzi kwa inu amene muitanitsa katundu kwa ana anu a ku Joni kapena ku Ulaya. Lenzi ya Canon silowa pa kamera ya Nikon, ya Nikon silowa pa Sony. Ngakhale m'kampani imodzi momwemo, kamera za makono zopanda kalirole m'kati ziri ndi pakamwa posiyana ndi zakale. Lembani dzina lonse la kamera yanu ndi manambala ache, mutumize kwa wogulayo. Ndaona lenzi yabwino itagona m'sutikesi zaka ziwiri chifukwa cha kulakwitsa kumeneku.

Ngati mugula kamera yogwirapo kale ntchito, si choipa, ndipo zambiri ndi zolimba. Koma tengani tochi. Chotsani lenzi, muunike mbali imodzi ndi kusuzumira mbali inayo. Mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, chimenecho ndi chuku, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Jambulani khoma loyera kapena thambo, muone ngati pali madontho akuda okhala malo amodzimodzi pa zithunzi zonse. Ndipo musalandire kamera yopanda chaja chache, pakuti kuchipeza chokha n'kovuta.

NANGA FONI?

Apa ndinene zoona, ngakhale ogulitsa makamera sakondwera nane. Ngati m'kalabu mwanu muli foni yojambula bwino, mwina simufunika kamera konse. Foni zambiri ziona bwino kuyambira masentimita 10, ndipo ubwino wache ndi wakuti chithunzi chitumizidwa pomwepo. Musanyengedwe ndi manambala a mamegapikiselo olembedwa pa katoni; 12 ndi okwanira pa ntchito yathu yonse. Pukutani kagalasi kakuseri musanajambule, pakuti kakhala ndi mafuta a m'manja. Gwirani pa sikirini pamene pali mboziyo kuti foni idziwe chimene mufuna. Kukoka chithunzi ndi zala ziwiri musanajambule sikuonjeza kanthu pa mafoni ambiri, kungotambasula zomwezo. Sendezani foniyo pafupi. Tilipo timagalasi topanira pa foni totsika mtengo, ndipo ngakhale galasi lokulitsa la m'manja, mukaligwiriza pa diso la foni, lithandiza. Kamera yaikulu iposa foni pa zinthu zitatu: batire lache likhalitsa, ijambula bwino kukachita mdima wa mitambo, ndipo ndi katundu wa gulu, sachoka nayo mwini foni akapita ku maliro ku Machinga.

ZIPANGIZO ZOYENERA NDALAMA ZANU

Ndalama zimene mwapulumutsa posagula lenzi yaitali, yambani nazo batire lachiwiri. Kuno kwathu nyumba zambiri zilibe magetsi, ndipo kumene aliko amathima. Kamera zambiri zakale sizitchajidwa ndi chingwe cha foni, batire lichotsedwa ndi kuikidwa m'chaja cha pakhoma. Funani chaja cha batire lomwelo chimene chilandira moto wa USB, kuti muzitchaja pa sola yaing'ono ija mutchajira mafoni. Chaja chochokera ku South Africa chibwera ndi mano ozungulira, pamene mabowo a pakhoma kuno ndi a mano atatu a ngodya. Uzani wogulayo aikemo adaputa.

Chachiwiri ndi memori khadi, kumene zithunzi zisungidwa. Makhadi awiri a 32GB aposa imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikafa kapena kutayika simutaya zonse. Khadi imodzi yotere isunga zithunzi pafupi 3,000 za kamera ya masiku ano. Achinyengo alipo ambiri: agulitsa khadi yolembedwa nambala yaikulu pamene m'kati ndi yaing'ono, ndipo mudzazindikira tsiku limene zithunzi za mwezi wathunthu zakana kutseguka. Mtengo ukatsika modabwitsa, kaikani. Gulaninso kachipangizo kowerengera khadi kolowa ku foni, pakuti popanda iko chithunzi chikhala m'kamera ngati chimanga m'nkhokwe yopanda khomo.

Pa kutumiza pamafunika nzeru pang'ono. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo pofinyapo tizinthu tating'ono timafufutika. Pali njira ziwiri. Mungayambe mwadula chithunzicho pa foni, kusiya pokhapo pali mbozi, ndi kutumiza kachigawo kameneko. Kapena mungachitumize monga document, ndipo chifika chathunthu monga chinajambulidwira, koma chidya bandulo yambiri. Ine ndikonda njira yoyamba pa za tizilombo.

Chachitatu ndicho chimene anthu achiseka, koma ndicho chisunga kamera: chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, chonga chosungiramo shuga. Kuno m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa mvula ndi yambiri, ndipo kuyambira Disembala kufikira Epulo m'nyumba mukhala chinyezi. Chuku chija ndanena chimamera m'galasi nyengo imeneyi, makamaka kamera ikatsekeredwa m'chikwama chache cha nsalu pansi pa bedi. Chikwama ndi cha paulendo, si chosungiramo. Ikani kamera m'chidebe pamodzi ndi timapaketi ta timikanda toyamwa chinyezi, tija tipezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, tolembedwa silica gel. Tikakhuta madzi, khuthulani timikandato pa chiwaya choyera, mutifunditse pa moto wochepa wa makala, tizizire, mutimange m'kansalu ndi kubwezeramo. Ana asatifike, si shuga. Chidebecho chisakhale m'khitchini mofika utsi, ndiponso chisayandikane ndi matumba a feteleza kapena mabotolo a mankhwala, chifukwa feteleza amakoka chinyezi nadya zitsulo. Kamera ikakhala masabata osagwira ntchito, chotsanimo batire.

Nyengo yachilimwe mdani ndi fumbi. Musachotse lenzi pamsika wa Songani kapena m'mbali mwa mseu mwezi wa Okutobala. Ichi ndi chifukwa china chokhalira ndi lenzi imodzi. Galasi musalipukute ndi mpendero wa malaya, pakuti mchenga wa m'nsalu umalikanda ndipo chokandika sichipola. Yambani mwauzira fumbi ndi kampira kopopera mpweya, kenaka pukutani ndi kansalu kofewa konga ka magalasi a maso. Chivindikiro cha lenzi chimangireni kachingwe. Lamba akhale m'khosi nthawi zonse, makamaka inu a m'minda ya mpunga ndi a madamu a nsomba, pakuti kamera ikagwa m'madzi nkhani yatha.

Choimikapo kamera cha miyendo itatu musafulumire kugula. Kathumba ka nyemba kapena ka mchenga wouma, koikidwa pa mpando kapena pa chitsa, kagwira ntchito yomweyo. Fulashi yoonjezera nayo siifunika.

Zotsalazo simugula, muli nazo kale m'nyumba. Pepala loyera la m'kope la mwana wa sukulu, ndi mtengo wa machesi kapena rula. Musavutike kujambula mbozi iri m'kati mwa nsonga, mphepo ikugwedeza chimanga. Itulutseni, muiike pa pepala pambali pa mtengo wa machesi kuti ndidziwe kukula kwache, mukhale pa mthunzi wowala, osati padzuwa la masana limene lichititsa mbali ina kuyera mbee ndi ina kuda bii. Tsamiritsani zigongono pa mawondo, gwirani mpweya, dinani pang'onopang'ono kufikira kamera itapeza chinthucho, ndipo kenaka tsirizani kudina. Pafupi chotere kachigawo kooneka bwino n'kopyapyala kwambiri, mutu ukaoneka mchira usowa, choncho kamera iyang'ane mbozi kuchokera pamwamba, thupi lonse litagona chopingasa. Amene mwazolowera pang'ono, ikani kamera pa chilembo A kapena Av ndi kusankha nambala 8 kapena 11, kachigawoko kakula. Mukajambula, kulitsani chithunzi pa kamera pomwepo. Ngati madontho anai saoneka kwa inu, kwa inenso saoneka, bwerezani.

Ndipo musatumize chithunzi chimodzi chokha. Ndifuna zinai: munda wonse, kuti ndione ngati vuto liri ponseponse kapena mbali imodzi, phesi limodzi lathunthu, tsamba lodyedwa pamodzi ndi ndowe zija zonga utuchi, ndi kachilombo kameneko pa pepala. Pa matenda monga chisaka cha nthochi, khate la chinangwa kapena kadukutu wa mtedza, ikani tsamba lodwala pambali pa tsamba labwino, mujambule kumaso ndi kuseri. Lembaninso dzina la mudzi, mtundu wa mbeu ndi tsiku limene munabzala.

KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Tsopano ndilankhule ndi inu eni midzi. Mukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Zitachitika zija, a Boma ndi a mabungwe anafuna malipoti: nyumba zingati zagwa, minda ingati yakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga. Mfumu imene inali ndi zithunzi inalankhula mosavuta, pakuti alendo ofufuza amafika madzi ataphwa kale, anthu atayamba kukonza. Pa ntchito iyi lenzi ikhale pa 18, mbali yotambalala. M'chithunzi mulowe chinthu chosasuntha chimene aliyense achidziwa: chulu, mtengo wa mango, mjigo, kapena phiri kumbuyo. Pa khoma limene madzi anasiya mzere, aimepo munthu kapena muimike khasu kuti msinkhu wa madzi udziwike.

Koma zonsezi zigwira ntchito ngati tsiku la m'kamera liri loona. Kamera iri yonse imalemba mobisika tsiku ndi ola pa chithunzi chiri chonse. Zambiri zochokera kunja zimabwera ndi nthawi yolakwika, zina zisonyeza chaka chimene mwana wojambulayo anali asanabadwe. Tsiku loyamba lenilenilo, musanajambule kanthu, konzani tsiku ndi nthawi, ndipo muziyang'ananso batire likakhala nthawi yaitali litachotsedwa.

Ndikupemphaninso chinthu china chimene sichilira ndalama. Sankhani malo awiri kapena atatu m'mudzi mwanu, monga gombe la mtsinje wa Domasi pamene madzi akudya munda, kapena chigwembe chimene chikukula, kapena nkhalango ya mudzi. Imani pa mwala womwewo, mwezi womwewo, chaka ndi chaka, lenzi iri pa 18, mujambule. Patapita zaka zitatu ikani zithunzizo pamodzi pa msonkhano. Anthu amene akana kubzala vetiva kapena kusiya kulima m'mbali mwa mtsinje amatsutsa mau a mlangizi, koma gombe la munda wao akaliona lasuntha amakhala chete. Pa milandu ya malire chithunzi sichiweruza, oweruza ndinu ndi mboni zanu, koma chikumbutsa pamene panali mtengo umene wina waudula usiku. Zithunzi zofunika zotere zitsukitseni pa pepala m'tauni, mulembe tsiku kuseri, zikhale m'buku la mudzi. Khadi imafa, foni imabedwa.

Kamera ya gulu ikhale ndi wosunga mmodzi ndi kope lolembamo amene waitenga, tsiku ndi ntchito yache. Sankhani anthu awiri oiphunzira, mmodzi akhale mai, chifukwa amai ndiwo akhala m'munda masiku ambiri ndipo ndiwo ayamba kuona tsamba likasintha. Za kubwereketsa pa maukwati mugwirizane poyamba. Makalabu ena amalipiritsa pang'ono nagulira batire, ndipo sindiona choipa, malinga kamera isagone ku ukwati mwezi wa Januwale pamene mbozi zikuswa.

Wojambula aphunzirenso ulemu. Munthu asajambulidwe asanavomere, ndipo mwana apemphedwe kwa makolo ache. Ku ndagala, ku manda ndi pa maliro kamera isapite popanda mau a eni ache, chimodzimodzi mu mzikiti ndi m'tchalitchi. Banja limene nyumba yao yagwa liri pa chisoni. Jambulani nyumbayo kaamba ka lipoti, osati kuwamwaza pa Facebook. Mukapita m'tauni, musaloze kamera ku Cobbe Barracks kapena ku ndende, mungailanditse ndi kudzitengera mlandu.

Mvula isanagwe, yesani izi. Tengani nankafumbwe mmodzi wa m'nkhokwe, muike pa pepala loyera pambali pa mtengo wa machesi, mujambule kakhumi, mukusintha kutalika kwache pang'onopang'ono, kufikira mutapeza pamene kamera kapena foni yanu iona bwino. Yesani kutalikako ndi kamtengo, mukadule, mukasunge m'chikwama cha kamera. Zithunzizo mubwere nazo pa msonkhano wa kalabu, tidzaziona pamodzi. Amene muli ndi lenzi zimene simudziwa ntchito yache, bwerani nazonso.